Mmene tinatsekulira pakamwa pa aNambewe

Ndikamakumbukira nyumba yathu ya ku lokeshoni yakale, ku Makokoba, chimene chimayamba kufika si maonekedwe ake ayi, koma fungo. Utsi wa malasha wochokera kunjanji, sopo wachikasu wochapira, ndi buledi wotentha amene mphepo inkatinunkhizira m'mawa kuchokera kutauni. Nyumbayo inali chipinda chimodzi cha njerwa, chogawidwa ndi masaka osoka, ndi kakhitchini ka malata panja. Tinkakhalamo atatu. Bambo anga ankanyamula katundu kusiteshoni ya sitima. Ang'ono awo, bambo aang'ono a Yotamu, ankaperekera zakudya pa hotela ina m'tauni. Wachitatu ndinali ine Dolika, wa zaka khumi ndi chimodzi. Mayi anali atamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Nkhondo ya azungu inali itangotha kumene.

Ndinali mwana wamanyazi kwambiri. M'kalasi yankho ndinkalidziwa, koma dzanja linkalemera ngati munsi. Mlendo akalowa m'nyumba ndinkabisala kuseri kwa masaka mpaka atapita. Zonse zimene pakamwa pankalephera ndinkaziuza kope langa. Linali kope la sukulu lotsala masamba, ndipo ndinalikutira ndi pepala la thumba la shuga. Ndinkalembamo mosakaniza, pena Chindebele chimene tinkaphunzira kusukulu, pena Chingerezi chothyokathyoka, pena Chinyanja cha bambo, monga tinkachitchulira masiku amenewo. Ndikadali nalo. Pa tsamba loyamba pali mutu wolembedwa ndi pensulo yonyowetsa ndi malovu: Zinthu zabwino za mu Bulawayo, munthu asafe asanazilawe. Pansi pake ndinandandalika zakudya, kenaka mafungo, kenaka bayisikopo. Pa nkhani zimenezi ndinalibe manyazi ngakhale pang'ono. Ndinkadziwa kuti ndikunena zoona, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo.

Chaka chapitacho bambo aang'ono anali atapita kwathu ku Ntcheu pa tchuthi, n'kukakwatira. Ukwati unachitika Loweruka, tchuthi chinatha Lolemba, ndiye anabwerera okha, mkazi n'kutsala kwa mayi ake kudikira kuti mapepala a ulendo akonzeke. Ife tinkangomva dzina: aNambewe. Ine dzinalo ndinalilemba m'kope kangapo, ndikuyesa kuona ngati likuyenera m'nyumba mwathu. Ndinkafuna munthu wamkazi pakhomo kuposa mmene ndinkafunira nsapato. Bambo ankandimeta mutu ndi lumo chifukwa sankadziwa kuluka. Diresi langa likang'ambika ankasoka ndi ulusi wa masaka. Panali mafunso ena amene ndinali nditayamba kukhala nawo, oti sukanafunsa mwamuna.

ANambewe anafika Lolemba lina m'nyengo yozizira. Anabwera ndi mkulu wina wa kwathu, a Chimkwende, amene ankapitirira ku migodi ya malasha kukaona mwana wawo, ndipo anati adzadutsanso Loweruka pobwerera. Ndinawaona ndili kuseri kwa chitseko. Anali mtsikana wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira, mwina wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wamfupi, wa mapewa olimba, atavala chirundu chakuda ndi duku loyera limene ulendo unalisandutsa lofiira. Kumutu anasenza phukusi lalikulu. Mapazi anali opanda nsapato, ndipo dothi la Bulawayo m'mwezi wa Juni limaluma ngati singano.

Atafika pakhomo anaima. Bambo anati, "Lowani, mlamu, kwanu kuno." Iwo anagwada, n'kuwomba m'manja mwakachetechete, koma osalowa. Anaima pamenepo mpaka bambo aang'ono, manyazi atawagwira chifukwa anthu a m'nyumba zoyandikana anali atayamba kusuzumira, anawagwira mkono n'kuwalowetsa. Anakhala pamphasa pakona, miyendo atawongola, maso ali pa zala za kumapazi. Bambo anafunsa za ulendo, za mvula ya kwathu, za anthu amene anawasiya ali anyamata. ANambewe ankangowomba m'manja n'kuweramitsa mutu. Chakudya chitabwera sanachikhudze.

"Atopa," anatero bambo. "Masiku onse aja m'sitima. Mawa adzakhala bwino."

M'mawa mwake abambo awiriwo akupita kuntchito, bambo anandiitana panja. Sukulu inali yotseka sabata imeneyo chifukwa aphunzitsi athu anali atapita kumaliro. Anati, "Dolika, mayi ako aang'onowa ndawasiya m'manja mwako. Uwacheze. Uwaonetse kuti kuno nakonso kuli anthu." Ndinangoti eya. Taganizani, anthu awiri osayankhula m'chipinda chimodzi. Tinakhala choncho mpaka dzuwa litalowa pazenera n'kufika pa mwendo wa tebulo. Iwo ankayang'ana zala zawo, ine ndinkayang'ana zanga.

Kenaka ndinakumbukira kope. Kuyankhula kunkandivuta, koma kuwerenga mokweza ndinkatha, chifukwa maso amakhala ndi pobisala. Ndinalitulutsa pansi pa pilo, ndinakhala moyang'ana khoma, n'kuyamba.

Choyamba pa zakudya chinali umxhanxa. Amene sanakhaleko kuno sangaudziwe. Amatenga vwende lachikasu lija Andebele amati ijodo, amaliphika mpaka lisungunuke, n'kuthiramo chimanga chowiritsa ndi shuga pang'ono. Ndinali nditalemba kuti: Usadye wotentha. Udikire uzizire mpaka pamwamba pachite kakhungu. Udye ndi supuni yaing'ono kuti uchedwe kutha. Wabwino kuposa onse ankaphika MaNcube, mayi wa khomo loyang'anana ndi lathu, amene ankachapa zovala za azungu limodzi ndi mayi anga kale. Nditamaliza kuwerenga ndinathamanga ndi bakuli kwa MaNcube, ndipo anandipatsa wodzaza. Ndinaika patsogolo pa aNambewe ndi supuni yathu yaing'ono. Anayang'ana bakulilo nthawi yaitali. Ndinaona pakhosi pawo pakuyenda. Kenaka anatembenuzira nkhope kukhoma.

Chachiwiri chinali banzi la zoumba zamphesa, lotentha, loling'amba pakati ndi manja osati ndi mpeni, n'kuliviika mu tiyi kamodzi kokha. Chachitatu chinali amasi, mkaka wowawasa wa m'chikho, umene ndinalemba kuti umafunika kudyera panja, utakhala padzuwa. Chachinayi chinali amacimbi okazinga mpaka aume, mphalabungu zikuluzikulu za kuno, zothira tsabola. Zonsezi ndinaziwerenga, ndipo zimene ndikanatha kupeza ndinazipeza. Madzulo a tsiku limenelo pamphasa panali mbale zitatu zosakhudzidwa, ndipo ine, posafuna kuti chakudya chiwonongeke, ndinagona mimba itadzaza, mtima uli wolemera.

Lachitatu ndinasiya za chakudya, ndinalowa za mafungo. Ndinawawerengera kuti fungo loposa onse m'tauni muno ndi la makoko a malalanje pa siteshoni, likasakanikirana ndi nthunzi ya sitima. Lotsatira ndi la mvula yoyamba ikagwa pa fumbi la mu lokeshoni, ndipo ndinawalonjeza kuti akakhala mpaka Novembala adzalimva okha. Lotsatira ndi la jekete loyera la bambo aang'ono likamasitidwa ndi simbi ya makala. Apa ndinaona ngati milomo yawo yagwedezeka, koma mwina ndinkangofuna kuona choncho.

Panali fungo limodzi limene ndinalidumpha powerenga. M'kope linali pamwamba pa onse, ndipo ndinalitchinga ndi chala ngakhale ndinkadziwa kuti aNambewe sadziwa kuwerenga. Linali la kabotolo ka lavenda ka mayi anga. Anapatsidwa ndi dona wina amene ankamuchapira, katatsala theka, ndipo ankadzola pang'ono kuseri kwa makutu Lamulungu lokha. Atamwalira, bambo anagawa zovala zawo kwa achibale, koma kabotoloko anandipatsa ine. Kanali kagalasi kobiriwira, kotalika ngati chala changa chapakati, ndipo mafuta anali atatsala pansi penipeni. Sindinadzolepo. Lamulungu m'mawa ndinkatsekula kachivindikiro, n'kununkhiza kamodzi, n'kutseka msanga kuti fungo lisathawe. Nkhope ya mayi inali itayamba kundisokonekera, koma ndikatsekula kabotoloko ankabwera athunthu, ndi duku lawo la kutchalitchi, akundiuza kuti ndipukute mphuno.

Za bayisikopo ndinawawerengera masana a tsiku lomwelo, ndipo apa ndinaiwala kuti ndine wamanyazi. Ndinaimirira. Loweruka lililonse masana ankaonetsa zithunzi mu holo ya mu lokeshoni, atatchinga mazenera ndi mabulangete. Ndinawauza kuti asakhale kutsogolo, chifukwa kumeneko anyamata amaponyerana makoko a mtedza ndipo khosi limawawa. Asakhalenso kumbuyo, chifukwa makina amalira kuposa anthu a m'chithunzi. Malo abwino ndi benchi lachinayi kumanzere, pafupi ndi mzati. Ndinawauza kuti anthu onse amakonda za amuna a zipewa zazikulu okwera mahatchi, ndipo nzabwinodi, koma asavutike kufuna kumvetsa nkhani yake, chifukwa zithunzizo zinkafika kwa ife atazidula m'malo ambiri. Munthu ankatha kulowa m'nyumba ali wamoyo, kamphindi komweko n'kuoneka akumuika m'manda. Chofunika ndi kuyang'ana mahatchi. Ndiponso asaiwale kutembenuka kamodzi n'kuona kuwala kochokera m'makina kukudutsa pamwamba pa mitu ya anthu, fumbi likuvina mkati mwake. Ndinali nditalemba kuti chimenecho chimaposa chithunzi chenichenicho. Ndinamaliza ndili wefuwefu. Ndinatembenuka. ANambewe ankandiyang'ana m'maso koyamba, koma pakamwa panali potseka ngati pomata ndi phula.

Kuti sanafe ndi njala ndinazindikira tsiku lomwelo. Ndinawapeza kuseri kwa kakhitchini atanjuta, akutafuna mtedza wokazinga ndi makaka a chinangwa ochokera m'phukusi lawo, kamba wa paulendo. Anatsala ochepa m'kansalu. Atandiona anabisa msanga. Zinandipweteka kwambiri. Ndinalemba m'kope kuti: Chakudya chathu amanyansidwa nacho. Mwina amanyansidwanso ndi ine.

Lachinayi m'mawa ndinamva abambo awiri akukambirana panja, bambo aang'ono akusita jekete lawo. Ankayesa kutsitsa mawu, koma malata sabisa kanthu.

"Achimwene, ine ndalephera," anatero bambo aang'ono. "Ndikafunsa chavuta nchiyani, akuti palibe. Ndikati idyani, akuti zikomo. Mawu awiri okhawo kuyambira Lolemba. Kuntchito anzanga ayamba kundifunsa ngati ndinakwatira chithunzi."

"Upirire, Yotamu."

"Ndipirire mpaka afere m'nyumba muno? Tidzawauza chiyani eni ake? Munthu sakufuna kuno, zaonekeratu. A Chimkwende akudutsa Loweruka. Abwerere nawo."

Bambo anavala chipewa chawo. Kenaka anati, "Ngati pofika Loweruka zili chomwechi, sindikuletsa."

Atapita ndinatenga chidebe n'kupita kumpope, kumene ndikanatha kulira popanda wondifunsa, chifukwa aliyense amakhala wonyowa kumaso. Koma MaNcube anali pamzere patsogolo panga. Anali mayi wamkulu thupi, wa mawu omveka mizere itatu ya nyumba, ndipo Chinyanja anachitola kwa mayi anga, ankachiyankhula mochithira Chindebele ngati mchere.

"Hawu, Dolika, mntanami, nkhope imeneyo ndi ya umxhanxa wanga? Unamupweteka m'mimba umakoti wanu, mkwatibwi uja?"

Ndinawauza kuti sanalawe n'komwe. Ndinawauza zonse, za mbale zitatu, za mtedza wa kuseri kwa khitchini, za Loweruka. MaNcube anatula chidebe chawo.

"Ima kaye. Polowa m'nyumba anachita bwanji?"

"Anaima pakhomo. Anachita kuwakoka."

"Moto wakhudza?"

"Ayi. Amangosesa."

"Nanga munamupatsa chiyani?"

"Chakudya."

"Hayi wena, sindikunena chakudya. M'manja. Munamuika chiyani m'manja?"

Ndinapukusa mutu. MaNcube anaomba m'manja kamodzi, mokweza, mpaka amayi onse pamzere anatembenuka.

"Nkosi yami, amadoda! Amuna awiri a ndevu, mmodzi amanyamula sitima pamutu, wina amadziwa mafoloko onse a azungu, koma sadziwa kulandira mkazi! Kwathu umakoti sakhudza amasi a pakhomo pa mwamuna mpaka atamupatsa kanthu. Ndiye iwe wamuikira amasi pamphuno! Kwanu ndi chimodzimodzi, mayi ako anandiuzapo. Mtengwa salowa, sadya, sayankhula, mpaka akazi a pakhomopo amufupe. Mwanayo sakunyansidwa nanu. Akudikira. Ndipo sangapemphe, angafe ndi manyazi."

Apa m'pamene zonse zinagwirizana. Bambo anachoka ku Ntcheu ali ndi zaka khumi ndi zisanu, bambo aang'ono anawatsatira ali aang'ono kuposa apo. Mayi anga anabadwira pa mgodi, ndipo ukwati wawo unali wa kuno, wa tiyi ndi mabanzi. Zimene anamkungwi amalangiza mtsikana m'nyumba yotseka, amuna awiriwa akanazimva kuti? Ndipo aNambewe, amene anawalangiza mwamphamvu asananyamuke kuti asakachititse manyazi mtundu wawo kudziko la eni, ankaona ngati ifeyo tikuwamana mphatso dala chifukwa sitinawakonde.

Ndinati, "Ndiye mubwere, MaNcube, mudzawapatse."

"Ine ndine wa khomo lina. Zimenezi amachita mkazi wa m'nyumbamo."

"M'nyumba mwathu mulibe mkazi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu wometa mpaka kumapazi otuwa. "Nanga iwe ndiwe mbuzi?"

Amayi a pamzere anaseka, ine ndinafuna nthaka inditsekukire. MaNcube anatsitsa mawu, chinthu chimene sindinawamvepo akuchita. Anati chowapatsacho sichifunika kukhala chachikulu, ngakhale mkanda umodzi, ngakhale singano. Koma chikhale changachanga, chichoke m'manja mwanga, ndipo ndinene mawu ndi pakamwa panga, osati kuwerenga m'buku.

Ndinabwerera kunyumba pang'onopang'ono, madzi akutayikira pamsana. Zanga zenizeni padziko lapansi zinali zitatu: kope, kapensulo, ndi kabotolo. Kope sakanaliwerenga. Kapensulo kanali kotafunidwa kumutu. Ndinaganizapo zodikira bambo, koma ndinayesa kuona m'maganizo ndikuwauza kuti alakwitsa mwambo, ndipo ndinadziwa kuti sindingathe. Ndiponso MaNcube anali atanena kuti ndi za akazi.

Ndinalowa kuseri kwa masaka, ndinatulutsa kabotolo m'sokosi yakale ya bambo mmene ndinkakasunga. Silinali Lamulungu, koma ndinatsekula. Ndinanunkhiza kawiri. Ndinawauza mayi mumtima kuti andikhululukire, kuti sindikuwataya, koma ndatopa kumetedwa mutu. Kenaka ndinatseka.

ANambewe anali pamalo pawo pakona. Ndinagwada patsogolo pawo monga ndinkaonera amayi akutchalitchi akuchitira. Ndinatulutsa kabotolo kaja. Ndinakaika m'chikhatho chawo, n'kupinda zala zawo pamwamba pake. Mawu amene ndinakonza m'njira anathawa onse. Amene anatuluka anali awa: "Mayi, kano nkanu. Takulandirani. Chonde idyani."

Anatambasula dzanja. Anayang'ana kabotolo, anayang'ana ine. Anatsekula kachivindikiro, ndipo fungo la mayi anga linadzaza chipinda chonse pa tsiku la Lachinayi. Misozi inatsika m'masaya mwawo mizere iwiri, osaipukuta. Anaomba m'manja katatu, mwaulemu wonse, ngati ndine munthu wamkulu. Kenaka anapumira m'mwamba, n'kunena ndi mawu aakulu, okhuthala, amene sindinayembekezere kuti angatuluke m'thupi laling'ono lija:

"Mwanawe, chachikasu chija chatsalako?"

Ndinathamanga kwa MaNcube osatseka chitseko.

Anadya mabakuli awiri, woyamba ndi supuni yaing'ono monga mwa malangizo anga, wachiwiri ndi chipande. Ndipo pakamwa patatseguka sipanatsekekenso. Zonse zimene ndinawerenga masiku awiri aja anali atazisunga, ndipo tsopano anayamba kuziyankha chimodzichimodzi. Umxhanxa anauvomereza, koma anati shuga wachuluka. Banzi anati ndi labwino koma ndi chakudya cha munthu wosalima. Amacimbi anati ndi aakulu chabe, kukoma sangafanane ndi a kwathu. Za amasi anati, "Mkaka woola uja usadzandiikirenso pafupi, ndinatsala pang'ono kuswa mwambo kuti ndikukalipire." Anandifunsa amene anandimeta, ndipo nditawauza anagwira pakamwa. Anafunsa kumene timasunga ufa, n'kutuluka kukakoleza moto ngati akhala pakhomopo zaka khumi.

Bambo aang'ono pobwera madzulo anamva mawu a mkazi akuchokera m'khitchini, akudandaula kuti mthiko wa nyumba ino ndi wofanana ndi supuni ya tiyi. Anaima pabwalo, jekete lili pamkono, n'kundifunsa monong'ona, "Kwabwera alendo?" Nkhani yonse anawafotokozera ndi MaNcube, ali pakhomo pawo, mokweza kuti mzere wonse upindule. Bambo anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja. Sindinawaonepo ali ndi manyazi chotero. M'mawa mwake anabwera ndi nsalu yatsopano ndi nkhuku yamoyo, anagwada pakhomo la nyumba yawo yomwe, n'kunena kuti, "Mlamu, tinakulira kutchire. Mutikhululukire." ANambewe anayankha kuti, "Palibe kanthu, alamu. Mwini nyumba anandilandira kale." Ankanena ine.

Loweruka a Chimkwende anadutsa, anamwa tiyi, n'kupitiriza ulendo okha. Masana ake ine ndi aNambewe tinapita ku bayisikopo. Tisananyamuke anandikhazika pakati pa miyendo yawo, anayang'ana mutu wanga n'kunena kuti pakatha miyezi iwiri padzakhala pogwira. Kenaka anatsekula kabotolo, ananyowetsa nsonga ya chala, n'kundikhudza kuseri kwa khutu ili ndi ili. Ndinati, "Mayi, mafutawa atha." Anati, "Anawapangira kuti azitha. Wakuuza ndani kuti mafuta amasungidwa ngati mbewu?" Ndinayenda msewu wonse khosi lili chilili, kuopa kuti fungo lingagwe.

Tinapeza benchi lachinayi kumanzere, pafupi ndi mzati. Chithunzi chinali cha amuna a zipewa zazikulu. ANambewe mahatchi sanawasamale. Chimene chinawakhudza n'chakuti amunawo ankalowa m'nyumba za eni osanena odi, n'kumadya zipewa zili kumutu. Chapakati pa chithunzi makina a mawu anafa, monga ankachitira kawirikawiri, ndipo zithunzi zinapitirira zili duu. Nthawi yomweyo pa chinsalu panafika ngolo, m'ngolomo munatsika mkazi wachizungu ndi sutikesi, n'kuima pakhomo la nyumba ina. Amuna awiri anamuzungulira, akutambasula manja, iye ali chilili, maso pansi. Holo yonse inali zii, kudikira kuti mawu abwerere. Ndiye m'chetemo munamveka mawu a aNambewe, aakulu, achifundo:

"Ogo! Nayenso sanamufupe."

Amene ankamva Chinyanja mu holomo anaseka mpaka kugwa pa mabenchi, ndipo ena onse anaseka poona iwo akuseka. Ine, amene ndinkaopa ngakhale kutsokomola pagulu, ndinaseka mokweza kuposa onse. Madzulo ake ndinalemba m'kope kuti: Bayisikopo yabwino kuposa zonse ndi imene waonera utakhala pafupi ndi mayi aang'ono.

Papita zaka zambiri. Tinasamukira ku Iminyela nyumba za kumeneko zitamangidwa, ndipo tsopano ndimakhala ku Emakhandeni kwa mwana wanga wamkazi. Adzukulu anga Chichewa amachimva koma amayankha m'Chindebele, ndipo zithunzi amaonera m'nyumba momwemo, chilichonse chathunthu, chosadula, mawu osafa. Mafuta onunkhira ali m'sitolo iliyonse, mabotolo akuluakulu, ndipo atsikana amadzithira ngati akuthirira dimba. Mkwatibwi wa masiku ano amalowa m'nyumba akuyankhula kale, ndipo sindikuona cholakwika. Palibe mwana wa munthu amene ayenera kukhala masiku anayi akutafuna makaka kuseri kwa khitchini. Koma Chichewa chimene ndikulemba pano si cha m'kope lija ayi. Ndi cha aNambewe, amene anandiyankhulitsa tsiku ndi tsiku, akuluka tsitsi langa, mpaka manyazi anachepa n'kutsala oyenera munthu.

Wina akandifunsa lero zimene ndimakonda, mndandanda ndi womwe uja. Umxhanxa wozizira, ndi supuni yaing'ono, ndipo shuga sanachuluke ayi, pamenepo mayi aang'ono analakwitsa. Makoko a malalanje pa siteshoni. Benchi lachinayi kumanzere. Ndangowonjezera chimodzi: mlendo asanamve zimene iwe umakonda, muike kanthu kako m'manja.

Lavenda uja anatha chaka chomwecho, Lamulungu lililonse makutu anayi. Tsiku la ukwati wanga, ndisanatuluke m'nyumba, aNambewe anandiika kabotolo kopanda kanthu m'chikhatho, n'kupinda zala zanga pamwamba pake. Anati, "Ngati kumeneko akaiwala, usakadikire masiku anayi. Ukadzifupe wekha, ukadye." Kali m'sokosi mpaka lero, pambali pa kope. Ana amati simukumveka kanthu. Ine ndikatsekula ndimamva akazi awiri.